Mwajambula nawo, chabwino. Nanga mubweranso liti?

Disembala ikamayandikira, kapena wina akamakwanitsa zaka 25 n'kufuna kuti tsiku lake lobadwa lisiyane ndi la anzake, pa Facebook ndi pa sitetasi za WhatsApp pamadzaza zithunzi zofanana. Gulu la anyamata ndi atsikana lavala matisheti amtundu umodzi, lasonkherana pa Airtel Money ndi Mpamba, lagula shuga, sopo, Sobo ndi makatoni a mabisiketi, lachita hayala minibasi kupita kumalo osungirako ana amasiye. Ana afoletsedwa, aimba nyimbo yolandirira alendo, mmodzi wochangamuka wanena mawu othokoza amene anawaloweza dzulo lake. Kenako selefi. Pofika 4 koloko minibasi yaliza, ndipo usiku womwewo ma like akugwa ngati matalala.

Sindikunyoza ayi. Sopo ndi sopo, mwana amene wasambira sopo wanuyo wasambadi. M'dziko limene achinyamata timanenedwa kuti timangodziwa kubetcha mpira ndi kutukwanizana pa intaneti, n'zosangalatsa kuona anthu akusonkha tindalama tawo tochepato chifukwa cha ana a eni. Koma pali funso limene ana amafunsa minibasi ikamaliza, ndipo silioneka pa chithunzi chilichonse: "Mubweranso liti?" Alendo ambiri amayankha kuti posachedwapa. Ana okulirapo amadziwa kale tanthauzo la mawu amenewo.

Maganizo anga ndi awa. Ngati mukufuna kudzipereka pothandiza ana ovutika, chuma chachikulu chimene muli nacho ndi tsiku limodzi pa sabata limene mungalonjeze n'kulisunga kwa miyezi. Shuga ndi matisheti zibwere pambuyo.

Tisanapite patali, tivomereze kuti ntchito imeneyi ili kale ndi eni ake, ndipo ambiri mwa iwo alibe foni ya kamera. Mu 2002, bambo wina wa ku Scotland, Magnus MacFarlane-Barrow, anayamba kudyetsa ana phala m'sukulu kuno ku Malawi, poyambira ndi ana pafupifupi 200. Lero bungwe lakelo, Mary's Meals, limadyetsa ana oposa miliyoni imodzi m'dziko muno tsiku lililonse la sukulu. Ufa wa Likuni Phala, wa chimanga ndi soya uja, amabweretsa ndi a bungwe. Koma wophika ndani? Ndi anthu a m'mudzi momwemo, makamaka amayi, amene amasinthana masiku. Amadzuka kukadali mdima, atunge madzi, akoleze moto, atakase phala m'miphika ikuluikulu utsi uli m'maso, agawire ana mazanamazana, atsuke miphika, kenako apite kumunda kapena ku geni yawo ngati palibe chachitika. Salipidwa. Mawa sabata ikubwerayi abweranso.

Chimodzimodzi alezi a m'sukulu za mmera mpoyamba, zimene ambiri timangoti mkombaphala. Ambiri mwa iwo salandira malipiro, ena amaphunzitsira m'kachisakasa kapena m'tchalitchi chobwereka, koma ana a zaka zitatu, zinayi amawapeza pamalo m'mawa uliwonse. Ine ndikamva wachinyamata wa m'tauni akudzitcha volontiya chifukwa cha Loweruka limodzi, ndimakumbukira amayi amenewa. Iwo alibe tisheti yolembedwa kumbuyo, koma ana amadziwa mayina awo, nawonso amadziwa kuti mwana uyu lero wabwera wosasamba chifukwa agogo ake akudwala.

Kudziwa kotereku ndi kumene kumasiyanitsa mlendo ndi wothandiza. Paja akuluakulu anati mlendo ndi mame. Kwa mwana amene ali ndi makolo onse awiri pakhomo, mlendo kubwera n'kupita si nkhani. Koma taganizirani mwana amene mayi ake anamwalira, bambo anapita ku Joni osatumizanso ngakhale uthenga, azakhali anamusunga chaka chimodzi n'kumupititsa kwina. Moyo wake wonse wakhala ukumuphunzitsa kuti akuluakulu amachoka. Ndiye pabwere mlendo wonunkhira bwino, amunyamule, amuuze kuti "ndiwe mng'ono wanga kuyambira lero", ajambule naye, madzulo apite osaonekanso. Mwezi wamawa pabwere wina, zomwezo. Anthu ogwira ntchito ndi ana oterewa amadziwa zotsatira zake: ena amayamba kukakamira mlendo aliyense wolowa pageti, ena amangouma mtima osakhulupiriranso munthu. Mwana wothamangira kukukumbatirani asanadziwe n'komwe dzina lanu, alendo amati ndi wachikondi. Kwa odziwa ntchitoyi, chimenecho ndi chizindikiro chodetsa nkhawa.

Kumene ine ndimathandizako Lachitatu masana ndi kamalo kakang'ono komwe ana amabwera akaweruka kusukulu, kudzalemba homuweki ndi kusewera. Pali mtsikana wa Sitandade 5 amene kope lake ndi laukhondo kuposa la wina aliyense, zilembo zake ngati zosindikiza. Mlendo aliyense akaona kopelo amamuyamikira. Zinatenga masabata angapo kuti tizindikire kuti mwanayu satha kuwerenga. Amakopera bwinobwino za pa bolodi monga mmene munthu amajambulira duwa, ndipo akamuuza kuti awerenge, amanena zimene analoweza pomvera anzake. M'kalasi ya ana oposa 100, zomwe si zachilendo m'sukulu zathu za pulayimale, mphunzitsi mmodzi angazione bwanji? Ndipotu kuyambira Sitandade 5 maphunziro ambiri amakhala m'Chingerezi, choncho mwana amene sanagwire kuwerenga m'Chichewa amangomira mwakachetechete mpaka kusiya sukulu, anthu n'kumati ndi waulesi. Chimene mtsikanayu ankasowa chinali munthu wokhala naye pansi theka la ola, sabata ndi sabata, kuyambiranso pa a, e, i, o, u popanda kumuseka. Aliyense amene akuwerenga ndemanga ino pa foni akhoza kugwira ntchito imeneyo. Sifuna digiri. Imafuna kuti Lachitatu likakwana mupezeke, ngakhale kukugwa mvula, ngakhale anzanu akukuitanani kokaonera mpira.

Tsopano nkhani ya zithunzi, pakuti apa ndi pamene foni zathu zikulakwira ana kwambiri. Ndaonapo chithunzi cha mwana, nkhope yonse poyera, pansi pake palembedwa kuti makolo ake anamwalira ndi Edzi ndipo nayenso akumwa ma ARV, tiyeni timuthandize. Wolembayo anali ndi mtima wabwino ndithu. Koma mwana uja ali ndi zaka 9 lero. Pakapita zaka zisanu adzakhala ku sekondale, anzake adzakhala ndi mafoni, ndipo chimene chalowa pa intaneti sichituluka. Wina anasunga kale sikirinishoti. Nkhani imene mwanayo akanasankha yekha woti amuuze, mwina bwenzi lake lapamtima, mwina amene adzakwatirane naye, inu mwaiulutsa kwa anthu 3,000 amene simuwadziwa n'komwe.

Wina anena kuti, "Koma ndinamufunsa, anavomera." Aise, mwana wa zaka 9 amene mwangomupatsa kumene bisiketi angakane chiyani? Muyezo wake ndi wosavuta. Akanakhala mng'ono wanu weniweni, atavala zong'ambika, chimfine chili mbwee, mukanalola munthu wachilendo amujambule n'kulemba mavuto a pakhomo panu kuti dziko lonse liwerenge? Ngati mukufuna kuonetsa amene anasonkha ndalama kuti katundu wafika, jambulani katunduyo, jambulani lisiti, jambulani manja akulandira. Nkhope ndi dzina la mwana zisiyeni.

Pali chinanso chimene ambiri sitichiganizira za malo osungirako ana amasiyewa. Tikamva dzinalo timaona ngati mwana aliyense mmenemo alibiretu wina padziko. Sizili choncho. Ambiri ali ndi kholo limodzi lamoyo, kapena agogo, amalume, azakhali. Chimene chinawafikitsa kumeneko nthawi zambiri ndi umphawi: kumeneko kuli nsima katatu, kuli yunifomu, kuli fizi. N'chifukwa chake boma, mothandizana ndi UNICEF, lakhala likubwezera ana kwa abale awo kuchokera m'malo oterewa, poona kuti mwana amakula bwino m'banja, bola banjalo lithandizidwe. Ndalama za Mtukula Pakhomo, zimene zinayamba ku Mchinji mu 2006, cholinga chake china ndi chomwecho, kuti agogo olera zidzukulu asafike potaya mtima.

Kunja nkhaniyi inafika poipa. Ku Cambodia ndi ku Nepal, komwe alendo ochokera kumayiko olemera amakonda kukacheza m'malo a ana amasiye, zinadziwika kuti anthu ena amanyengerera makolo osauka kuti apereke ana awo, n'cholinga choti malowo adzaze, alendo amve chisoni, ndalama zilowe. Mu 2018 dziko la Australia, komwe kumachokera ambiri mwa alendo oterewa, linayamba kuwerengera mchitidwe umenewu ngati mtundu wa ukapolo wamakono. Sindikunena kuti malo a kuno kwathu ndi otero. Alipo amene akulera bwino makanda amene mayi awo anamwalira pobereka, ndipo popanda iwo anawo sakanakhala moyo. Koma ndalama zikamathamangira kumene ana aunjikidwa kuti alendo awaone, pamene agogo olera ana asanu kuseri kwa msika palibe wowayendera, tisadabwe ana akamachoka kwa agogo kupita kumene kuli alendo.

Choncho posankha bungwe loti mudziperekeko, funsani kuti limachita chiyani kuti mwana akhale kwawo. Za ana a mumsewu ndi chimodzimodzi. Kutulutsa K500 pa windo la minibasi pa maloboti kumatonthoza mtima wa woperekayo, koma mawa mwana uja adzakhala pomwepo, mwinanso pali wamkulu amene wakhala poteropo kudikira ndalamayo. Mabungwe monga Chisomo Children's Club, amene amagwira ntchito ndi ana oterewa ku Blantyre ndi ku Lilongwe, amatenga njira yaitali: kuzolowerana ndi mwanayo, kumva chimene chinamuthamangitsa kwawo, kufufuza abale, kuyesa kumubwezera kusukulu. Ndi ntchito yotopetsa, ina imalephereka, mwana amabwerera mumsewu kawiri katatu. Ilibe chithunzi chokongola chojambula tsiku limodzi.

Ndiye mukapita kukadzipereka, musakhumudwe akakufunsani mafunso ambiri. Bungwe limene lingakufunseni chitupa cha unzika, kalata ya kupolisi yosonyeza kuti mulibe mlandu, anthu awiri okuchitirani umboni, n'kukusainitsani malamulo a kakhalidwe, ndiye bungwe labwinolo. Limene lingakutsegulireni geti tsiku loyamba n'kukusiyani nokha m'chipinda ndi ana, thawani, chifukwa mmene lakutsegulirani inu ndi mmenenso lingatsegulire chidyamakanda. Tisanamizane, anthu ofuna kuchita ana zachipongwe amadziwa kumene kuli ana opanda wowayankhulira, ndipo amabwera akumwetulira, atanyamula mphatso.

Malamulo amenewa ena amawaona ngati achizungu, koma amateteza mwana ndi inu nomwe. Musakhale awiriwiri ndi mwana chitseko chili chotseka. Musatengane manambala kuti muzichezerana usiku pa WhatsApp. Musasankhe mmodzi woti muzimugulira zinthu mwamseri, anzake akuona, chifukwa mwayambitsa nsanje ndiponso mwamuika pa ngongole imene sakudziwa kuti adzabweza bwanji. Ndipo kwa anyamata, ndinene mosapsatira: mtsikana wa Fomu 3 amene mukumuthandiza masamu ndi mwana, ngakhale atatalika kukuposani. Kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Za "tinangogwirizana tokha" mukazinenera kukhoti.

Tsiku lina, mukakhalitsa, mwana adzakuuzani chinthu cholemera. Zimachitika mwadzidzidzi, mwina mukutolera mabuku, iye n'kungoti amalume amabwera usiku. Pamenepo musalonjeze kuti simuuza munthu, chifukwa mudzayenera kuuza. Musamupanikize ndi mafunso ngati wa CID, musapite kukamenya amalumewo, ndipo chonde musalembe pa Facebook kuti "anthu inu, zimene ndamva lero". Mvetserani, muuzeni kuti wachita bwino kunena ndipo si kulakwa kwake, kenako tsiku lomwelo kauzeni amene amaona za chitetezo cha ana pabungwepo. Kuli ofesi yoona za chisamaliro cha anthu paboma lililonse, kuli Victim Support Unit kupolisi, kuli nambala yaulere ya 116, ya Tithandizane, imene amayendetsa a YONECO. Lamulo la 2010 loona za chisamaliro, chitetezo ndi chilungamo cha ana linaika njira zoyendetsera nkhani zotere. Isungeni nambalayo mufoni lero lomwe. Ndipo zindikirani kuti mwana sauza mlendo wa tsiku limodzi nkhani ngati imeneyi. Amauza munthu amene wamuona akubwera mobwerezabwereza mpaka kumukhulupirira.

Ndikudziwa zimene ena mukunena mumtima. "Zabwino zonsezo, koma ine ndili pa ulova chaka chachitatu, ya bandulo yomwe ndimachita kupempha, ndiye ndizikagwira ntchito yaulere pamene abwana a bungwelo akuyendera galimoto ya matayala akuluakulu?" Dandaulo limeneli ndi loona, ndipo mabungwe ena ayenera kuchita nalo manyazi. Alipo amene amasandutsa mawu oti volontiya kukhala njira yopezera antchito aulere, munthu kugwira Lolemba mpaka Lachisanu, 8 koloko mpaka 5, chaka chathunthu, akumulonjeza kuti mpata ukapezeka aganiziridwa. Kumeneko ndi kudyera anthu masuku pamutu. Kubwezeredwa ya thiransipoti imene mwagwiritsa ntchito potumidwa ndi bungwe ndi chilungamo, musachite manyazi kufunsa.

Koma nafenso tili ndi matenda athu, a alawansi. Msonkhano wopanda envelopu anthu sabwera, ndipo ena funso lawo loyamba asanaone n'komwe nkhope ya mwana ndi lakuti "pali kangachepe?" Njira yothetsera zonse ziwirizi ndi imodzi: dziperekeni pafupi ndi kwanu, koyenda pansi, maola amene mungakwanitse osasiya geni yanu. Maola awiri pa sabata akwana. Ana ovutika sali kutali koti mpaka muchite hayala minibasi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti tinali anthu 17.5 miliyoni ndipo pafupifupi theka anali osakwana zaka 18. Ku Ndirande, ku Mtandire, ku Chibavi, kumudzi kwanu, pali mkombaphala, pali sukulu ya pulayimale, pali gulu la kumpingo kapena kumzikiti limene likusowa munthu wodziwa kuwerenga, woimbira mpira, wolemba kaundula wa ana mu kompyuta kapena mufoni momwemo.

Za CV nazo tisachite ngati ndi tchimo. Mwambi uja wakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe timakonda kuudula pakati, koma umapitirira kuti ukachenjera manja udya naye. Makolo athu sanabise kuti wothandiza naye amapindula. Mukagwira chaka mokhulupirika, kalata ya umboni imene angakulembereni ili ndi kulemera kumene satifiketi ya semina ya masiku awiri ilibe, ndipo mudzakhala mutaphunzira kuyendetsa gulu, kusunga nthawi ndi kulemba lipoti. Vuto limabwera pamene munthu wabwerera kalatayo basi, n'kusowa tsiku limene wailandira.

Kuti tingathe, tinaonetsa kale. Namondwe wa Freddy atagwa mu Malichi 2023, matope atatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, achinyamata anafukula anthu ndi makasu ndi manja, anasonkha zovala ndi ufa kudzera m'magulu a WhatsApp, ananyamula matumba kupita nawo m'sukulu zimene zinasanduka misasa. Palibe anafunsa alawansi. Anthu oposa theka la miliyoni anasowa pokhala, ndipo ana ambiri anataya makolo sabata imodzi yomweyo. Misasa inatsekedwa, makamera anapita kwina, magulu a WhatsApp aja anazizira. Ana aja alipobe. Amene anali Sitandade 4 nthawi imeneyo pano akuyandikira mayeso a Sitandade 8, ena akulera ang'ono awo. Changu cha pa ngozi tili nacho chambiri. Chimene chikutivuta ndi chaka chachiwiri ndi chachitatu, pamene nkhaniyo yasiya kutchuka.

Ngati mwaganiza zoyamba, musadikire Disembala, nthawi imene malo ena amalandira magulu atatu tsiku limodzi ana mpaka kutopa ndi kuimba. Pitani mu Januwale kapena Febuluwale, miyezi ya njala, pamene ana amajomba kusukulu chifukwa m'mimba mulibe kanthu ndipo pageti sipaima galimoto. Pitani nokha kapena awiri, foni ili m'thumba. Funsani oyang'anira chimene akusowa musanawauze chimene mwabweretsa, mwina adzakuuzani kuti akufuna wothandiza kutsuka mbale, ndipo muvomere. Nenani tsiku ndi maola amene mungathe, ndiponso kuti mukhala mpaka liti, kaya miyezi itatu kaya teremu ziwiri. Lonjezani zochepa.

Ndipo poti moyo umasintha, mwina mudzapeza ntchito ku Mzuzu kapena malo ku koleji, kuchoka nakonso kuli ndi kachitidwe kake. Musangosowa. Auzeni anawo kudakali masabata awiri kapena atatu, muwauze chifukwa chake kuti wina asaganize kuti analakwa ndi iye, mutchule tsiku lomaliza ndipo tsikulo mubwere. Musanene kuti muzidzaimba foni ngati simudzaimba. Kenako khalani pansi ndi amene akulowa m'malo mwanu, mumuuze kuti uyu wafika pa mawu a zilembo zinayi, uyu samva bwino khutu lakumanzere ndiye azikhala kutsogolo, uyu akangokhala chete Lachitatu ndiye kuti kunyumba sanadye.